Ana anga sakufuna kumva za dimba, ndiwatani?

Funso: Ndine mayi wa ana atatu, mnyamata wa zaka 13, mtsikana wa zaka 9 ndi chitsiriza wa zaka 5. Timakhala nyumba ya lendi ku Area 25 ku Lilongwe ndipo kuseli kuli kamalo komwe ndimadzalako masamba. Ine ndinakulira ku Ntcheu tikulima, koma anawa ndikangoti tiyeni mukathirire nkhope zimagwa, wamkuluyo amachita kundiuza kuti kulima ndi kwa anthu akumudzi. Ntchito yawo ndi makatuni ndi kulimbirana foni yanga basi. Ndingatani kuti azikonda dimba?

Yankho: Mayi, ndisanayankhe ndikufunseni kaye kafunso, musakhumudwe nako. Masamba amene mumawatuma anawo kuti akathirire aja ndi a ndani? Yankho ndikulidziwa kale, ndi anu. Mbewu munasankha ndinu, kufesa ndinu, tsiku lothyola mumadziwa ndinu, iwo gawo lawo ndi kunyamula ndowa basi. Ndiye kunena mosapsatira anawo sakudana ndi dimba ayi, dimbalo sanalilawebe nkomwe, chimene akudana nacho ndi ganyu wopanda malipiro, ndipo ganyu wotereyu ngakhale inu ndi ine sitingamusekerere.

Ine ndagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi zaka zambiri ndithu, mbali ina ya ntchitoyo kunali kuthandiza aphunzitsi pa madimba a pasukulu, ndiye ndinaona ndi maso angawa mmene ife akuluakulu timaphera chidwi cha ana. Taganizani, mwana akachedwa kusukulu chibalo chake chimakhala chani? Khasu. Akalongolola mkalasi, tenga chikwakwa ukatchetche udzu. Akajomba, kakumbe dzenje la zinyalala lolekeza mchiuno. Kubwera kunyumba naye kholo mwana akalakwa akuti lero nsima suyiona mpaka upalire mizere 10. Mwana ameneyu kuchokera Sitandade 1 kukafika 8 mutu wake wagwira chinthu chimodzi, kuti khasu amagwira ndi munthu wolakwa, ndipo pamwamba pake timamuopsezanso kuti ukalephera mayeso ukakhala mlimi kumudzi. Mawu akuti kulima ndi kwa anthu akumudzi mnyamata wanuyo sanawapeke yekha, anawatola pakamwa pathu pomwepa. Nayo Agriculture ya mkalasi nthawi zambiri imathera mkope, kuloweza mitundu ya dothi kuti akakhoze mayeso koma dothilo osaligwira. Choncho pakhomo panu kuyambira lero dimba lisakhalenso chilango, mwana akalakwa mupezereni chilango china koma osati kuthirira, osati kupalira, ngakhale mutapsa mtima bwanji.

Mwati munakulira ku Ntcheu eti, takumbukirani bwinobwino chimene chinakukondetsani munda. Sindikukhulupirira kuti kunali kudzutsidwa mbandakucha kukagalauza mu Okutobala nthaka ili gwa ngati simenti. Ambirife chimene timakumbukira tikumwetulira ndi nthawi yokunkha, akuluakulu akamaliza kukolola ife nkulowa mmunda kutola chimanga chotsalira, kufukula mtedza ndi mbatata zomwe khasu linaphonya, ndipo zomwe wapezazo zinali zako palibe wokulanda, kenako nkukaphika kumasanje mtinyumba ta mapesi tija, nsima yambwee yosapsa koma timaidya ngati ya paukwati kkkk. Agogo ambiri ankamudulira mdzukulu kandime kake kumapeto kwa munda, timizere tiwiri titatu, nkumukhomera kakhasu kotha kale pa kampini ka msinkhu wake. Makolo aja sanaponde kusukulu ya zaulimi ya Bunda koma ankadziwa kuti mwana amalimbikira pa chake.

Ineyo zimenezi ndinaziphunzira mochititsa manyazi, mlangizi wathunthu. Mwana wanga woyamba ali ndi zaka 10 anadzala tomato wake mitengo 6 kuseli kwa bafa, kuthirira yekha, kuzika timitengo tomangirira yekha, akaweruka ankayamba kukazonda tomatoyo asanavule ndi yunifolomu yomwe. Tsiku lina kunabwera alendo iye ali kusukulu, mnyumba munalibe tomato, ine osaganiza ndinangoti thyolani wa mwanayu, anayi oyamba kupsa aja omwe iye ankawerengera masiku. Atabwera anangoima pamenepo kuyang'ana, sanalire, sanayankhule, koma sanathirirenso. Ndinayesa kupepesa ndi ndalama zinakanika, panatha zaka ziwiri asanadzalenso kanthu. Ndiye mukamupatsa mwana dimba mupatseni zenizeni, osati pakamwa pokha, ngakhale tsamba limodzi musathyole musanapemphe.

Tsono pangani chonchi. Loweruka likubwerali atengeni onse atatu kuseliko mugawe malo, aliyense kake, ndipo kakhale kakang'ono. Wa zaka 9 mita 1 mulitali mita 1 mulifupi kamukwanira, wamkuluyo mpatseni mamita 2 kapena 3 mulitali koma mulifupi musapitirire mita 1 kuti dzanja lizifika pakati osaponda bedi, chitsiriza chidebe chimodzi chobooka pansi ndi munda wathunthu kwa iye. Makolo ambiri amalakwitsa apa, amapereka malo aakulu poganiza kuti ndiye kumulimbikitsa, pakatha sabata ziwiri udzu uli yangayanga mwana wagwa mphwayi. Bola kakang'ono koti akadandaule yekha kuti malo andichepera. Aliyense alembe dzina lake pa kathabwa azike pamalo pake, ndipo onetsetsani kuti pamafika dzuwa maola 6 kapena kuposa, chifukwa kuseli kwa nyumba zambiri za mtauni mpanda wa njerwa umatchinga ndipo masamba amangotalika ali oonda, mwana nkumaona ngati walephera ndi iye.

Poti muli pa lendi, komanso mapuloti ambiri dothi lake ladzaza zidutswa za njerwa ndi simenti zotsala pomanga, matumba adzakuthandizani kwambiri. Tengani thumba la 50 kg, mulichape, musakanize dothi magawo awiri ndi manyowa owolerana gawo limodzi. Pakati pa thumbalo pamafunika mzati wa timiyala wochokera pansi kufika pamwamba kuti madzi azitsika mpaka pansi, ndipo kapangidwe kake ana amakakonda zedi: mutenge chitini chachikulu chotsegula mbali zonse ziwiri, muchiimike pakati, mkati timiyala kunja kwake dothi, kenako kuchikoka mmwamba nkubwerezanso mpaka thumba litadzaza. Mukatero mubowole timabowo mmbali motalikirana bwino nkuwokeramo repu kapena mpiru, mbande 15 mpaka 20 zimakwana pa thumba limodzi pamwamba ndi mmbali momwe. Zigubu za mafuta ophikira za malita 5 ndi 20, mabeseni osweka, matayala akutha, zonsezo ndi minda, bola pansi pakhale potulukira madzi. A landilodi auzeni kaye musanakumbe, koma za matumba sangalimbane nanu, ndipo tsiku losamuka munda umakwera nawo lole.

Nkhani ya mbewu ndiye ndikhalitsepo pang'ono chifukwa apa ndi pamene ambiri zimawavuta. Mwana sadikira. Kabichi amafuna miyezi 3 kapena 4, anyezi wa mitu mpaka 5 kapena kuposa, kwa mwana wa zaka 5 nthawi imeneyo ndi moyo wonse, pofika pokolola anaiwala kalekale kuti anadzala. Chitsirizayo muyambitseni ndi nyemba zomwe muli nazo mkhitchinimo. Njere zake nzazikulu zogwirika ndi tizala take, ndipo pakatha masiku 5 mpaka 7 zimatumphuka zitaweramitsa khosi zitasenza chikhokho kumutu, mwana akaona zimenezo amakuwa ngati waona ndege. Dulani botolo la pulasitiki loonekera mkati, dzazani dothi, njere imodzi ayikankhire mphepete mwenimweni mogunda botolo kuti aziona muzu ukutsika tsiku ndi tsiku, akatero sazulanso za mchidebe zija pofuna kuona ngati zamera, chifukwa ana amsinkhu umenewu amazuladi. Pakatha sabata zitatu kapena zinayi akhoza kuthyola timasamba pang'ono mumuphikire khwanya wake. Matako a anyezi wa masamba omwe mumataya aja nawonso akawabzala amaphukira masiku ochepa chabe.

Mtsikanayo mpatseni za masamba. Ngati ndi nyengo yozizira kuyambira Epulo mpaka Julayi, mpiru, repu ndi chayinizi zimakondwa, afese pa kanazale, pakatha sabata 3 kapena 4 awokere madzulo dzuwa litapepa, kenako sabata zina zitatu kapena zinayi wayamba kuthyola ndipo azithyolabe kwa nthawi ndithu. Kukayamba kutentha mu Ogasiti kupita mtsogolo ndiye nthawi ya bonongwe, ameneyu sachedwa, sabata 3 kapena 4 ndiwo zapezeka, njere zake nzazing'ono kwambiri ndiye asakanize ndi mchenga pofesa kuti zisaunjikane malo amodzi. Musanyoze zamakolozi mayi, bonongwe, luni, chisoso, nkhwani, chitambe, sizivuta ngati mbewu za mpaketi, tizilombo sitizisautsa kwambiri, ndipo mbewu yake mwana amasunga yekha osagula. Dzungu mukadya njere musataye, ayanike adzale, nkhwani wake azidzathyola ndipo adzadabwa kuona maluwa ena ali ndi kadzungu kumbuyo ena alibe, pamenepo mpomufotokozera ntchito ya njuchi popanda bolodi ndi choko.

Koma mbewu imene sinandigwiritsepo mwala ndi ana ndi mbatata. Kachingwe ka kholowa kotalika masentimita 30, kukwirira mbali yaikulu mudothi, sabata imodzi kagwira. Masamba mudya, ndipo pakatha miyezi 4 kapena 5 tsiku lofukula limakhala chisangalalo chenicheni, palibe mwana amene amakana kupisa manja mudothi pamene sakudziwa kuti atulutsa yaikulu bwanji. Funsani kwa alangizi kapena kwa alimi anzanu mbewu ya mbatata yofiira mkati, ili ndi vitamini A wambiri, ndipo mayina ake okha ana amaseka nawo, Kadyaubwerere, Anaakwanire, Zondeni, Chipika, Kaphulira. Muthumba imachitanso bwino.

Tomato ndi wa wamkuluyo, ngati angafune, chifukwa amafuna chisamaliro, kumangirira, kuthena mphukira, ndipo masiku ano kuli kambozi kaja ka Tuta absoluta kolowa mkati mwa tsamba ndi kuboola zipatso komwe kavutitsa alimi a tomato dziko lonse, nthawi ya mvula kulinso chiwawu. Woyamba kumene ndi bwino ayambe ndi tomato wamng'onomng'ono uja amamera yekha kudzala, ndi wopirira ndipo amabereka mosaumira. Ndipo mwana akasankha mbewu yomwe inu mukuona ngati yopanda phindu, mpendadzuwa, maluwa, chimanga cha mbuliwuli, chivwende, musiyeni. Cholinga chanu chaka choyambachi si kudzaza mphika ayi.

Zina zidzafa, zimenezo yembekezerani. Chitsiriza adzathirira kasanu pa tsiku mpaka nyemba kuola, mtsikanayo adzaiwala masiku atatu mpiru nkufota, nkhuku za aneba zidzalowa. Musakalipe, komanso musadzuke usiku kukakonza mobisa kuti asakhumudwe, ana amazindikira ndipo akangodziwa kuti amayi amakonza amakusiyirani zonse. Mungomufunsa, ukuganiza kuti chachitika nchani apa? Muuzeni apise chala mudothi mpaka pa mfundo yachiwiri, ngati muli chinyontho lero osathirira, ngati mwauma thirira. Kamuyezo kameneka mwana wa zaka 5 amakagwira tsiku limodzi ndipo amadzakudzudzulani nako inuyo. Nthawi zina chitani nawo timipikisano, zitini ziwiri china cha manyowa china cha dothi lokha, china padzuwa china pamthunzi, aliyense alosere chomwe chipambane. Bedi lina aphimbire ndi udzu wouma lina alisiye pambalambanda, mawa masana apise dzanja monse muwiri aone kusiyana kwake.

Za madzi ndikudziwa mukuganiza bilu. Madimba ang'onoang'ono awa sadya madzi ambiri, otsukira mpunga, otsukira masamba ndi otsukuluzira mbale omaliza aja akukwana, bola asakhale a mafuta, a mchere kapena a sopo wambiri ndi jiki, ndipo azithira pa dothi osati pa masamba. Ndowa ya malita 20 musamusenzetse mwana, mpangireni kheni yake ndi chigubu cha malita 2 chobowola pa chitsekerero ndi msomali wamoto. Nthawi yake ikhale yochepa, mphindi 10 kapena 15 madzulo, alekeze akufunabe. Ndipo apa ndinene motsindika, musamawatume inu mutakhala pakhonde ndi foni, pitani nawo, inu pa bedi lanu iwo pa awo, mukucheza nkhani zina. Ana ambiri chimene amayamba kukonda si mpiruyo ayi, ndi kukhala ndi mayi awo pa nthawi imene sakukalipiridwa.

Manyowa pangani nawo limodzi pakona, makoko a nthochi ndi a mbatatesi, masamba ouma, phulusa pang'ono, zitosi za nkhuku, dothi pang'ono pamwamba, kuwaza madzi, kutembenuza pakapita sabata ziwiri zitatu, miyezi 2 kapena 3 apsa. Zikani ndodo pakati, mwana akaizula pakatha masiku angapo nkuipeza yotentha amadabwa kuti moto wachokera kuti. Zitosi zaziwisi musaike pa mbewu, zimawotcha komanso zimakhala ndi majeremusi, ndipo kusamba mmanja ndi sopo pochoka kudimba kukhale lamulo losakambirana, kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbukira.

Pa chitetezo ndiye sindiseka. Mdimba la ana musalowe mankhwala opopera ogula kusitolo, ngakhale pang'ono. Nsabwe za mmasamba zimagonja ndi madzi a sopo pang'ono kapena masamba a nimu osinja oviika usiku wonse, mbozi ndi nkhono atole ndi manja mmawa, muone amene atole zambiri. Madzi a tsabola amagwira ntchito koma amenewo popereni nokha chifukwa cha maso. Ngati muli ndi mankhwala a mbewu kapena a makoswe mnyumba atsekereni, ndipo chonde musawasunge mbotolo la zakumwa, ana amwa poizoni mnjira imeneyi. Diramu kapena ndowa ya madzi izikhala yovundikira, mwana wamng'ono amamira mmadzi ochepa kwambiri komanso udzudzu umaswana momwemo. Mpanda wotchinga nkhuku mangani ndi bango kapena matumba akutha, neti yogonamo ayi, imeneyo ntchito yake ndi malungo.

Tsopano mnyamata wa zaka 13 uja, ameneyu nyemba ya mbotolo simungamukope nayo, adzakusekani. Msinkhu umenewu chimene amamva ndi ndalama ndi ulemu. Muuzeni poyera kuti masamba ndimagula tsiku lililonse pamsika, ukalima ndizigula kwa iwe pa mtengo womwewo, kashi, osati ngongole ya mawa. Ndipo muzilipiradi, ngakhale zikuoneka zoseketsa kugula ndiwo mnyumba mwanu momwe. Mbewu yoyamba mukongozeni, alembe mkope zomwe walowetsa ndi zomwe wapeza, abweze ngongole akagulitsa, zotsalazo ndi zake agule bandulo kapena jezi ya timu yake inu osalowererapo. Aneba akaona repu wabwino amagula okha. Akagwira njira akhoza kufesa mbande zogulitsa, za tomato, za mapapaya, za mango mmachubu, makamaka poyandikira nyengo yodzala mitengo yomwe imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, nthawi imeneyo anthu amasaka mbande.

Foniyo musalimbane nayo, simungapambane, ipatseni ntchito. Ajambule bedi lake Lamlungu lililonse pamalo omwewo aone mmene likusinthira, atumizire agogo ake pa WhatsApp, mudzaona agogowo mmene ayankhire, mwina nkumutumizira mbewu ya nzama ndi khobwe pa basi. Akaona tsamba lachita mawanga afufuze yekha pa YouTube adzakuuzeni inuyo, ana amsinkhu uwu amakonda kukhala odziwa kuposa kholo. Ndipo poti kwanu ndi ku Ntcheu, ulendo wotsatira wopita kumudzi tsikani pa Lizulu theka la ola, aone malole akupakira tomato, kabichi ndi mbatatesi zopita ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mumusiye afunse yekha mtengo wa dengu limodzi awerengetse. Ife tinakula tikumva a Kamuzu akuti chuma chili mu nthaka, koma mwana wa lero mawu okha sagula, amafuna aone ndalama ikusintha manja. Muuzeninso kuti anthu amapita ku yunivesite ya LUANAR, ku Bunda ndi ku NRC (Natural Resources College), kukaphunzira zomwezi mpaka madigiri, ndipo pa Chitedze pomwepa panjira ya ku Mchinji pali akatswiri amene ntchito yawo ndi kufufuza mbewu.

Zokolola zoyamba muzichitire mwambo pang'ono. Mwini wake athyole yekha, atsuke, athandize kuphika, kaya ndi kotendera nsinjiro kaya kokazinga ndi tomato, ndipo pakudya munene mokweza kuti ndiwo za lero zachokera kwa uje, bambo awo kapena alendo ayamikire. Ana okana masamba ambiri ndawaona akudya bonongwe chifukwa choti ndi wawo, ndipo za magulu 6 a zakudya zomwe amaloweza kusukulu zimayamba kumveka pamene gulu limodzi lachokera mchidebe chake. Kuphikako musasiyire mtsikana yekha, nayenso mnyamata agwire mpeni ndi mthiko, monganso khasu musalisiyire mnyamata yekha.

Mwina mwa atatuwo mmodzi yekha ndi amene adzazikondetsetse, wina azidzangobwera tsiku lofukula mbatata, zimenezo nzabwinobwino musawayerekeze. Ndipo wamkuluyo akakana Loweruka loyambalo, zomwe ndikuganiza kuti akana ndithu pofuna kuonetsa ukulu, musamukakamize komanso musamunyoze. Malo ake mudulirenibe, kathabwa ka dzina lake muzike, musadzalepo kanthu, paketi ya repu muisunge mukabati. Inu pitirizani ndi awiriwo, ndipo tsiku limene mudzagule mpiru woyamba kwa mlongo wake mudzawerengere ndalamazo patebulo iye ali pomwepo.